Nsapato Zoyera pa Mzere wa Sucuri

Lagoa do Umbu, 21 Ogasiti 1994

Achemwali Valdete,

Landirani moni wa kuno. Ndikhulupirira muli bwino ndi ntchito yanu yosesa ku paki kuja. Kuno tilipo, kungoti mvula palibe, mbuzi zayamba kudya makatoni. Amayi mwendo uja ukuwavutabe. Lachinayi ndinawaperekeza kuchipatala. Ndinalawirira kukaika silipasi yawo pamzere, inali yachisanu ndi chinayi, ife n'kukhala pamthunzi mpaka anamwino atatsegula chitseko. Anawapatsa mapiritsi omwe aja.

Koma chimene ndalembera si chimenechi. Rosineide, amake mwana wanga Tamires, andiyankha. Patha zaka ziwiri ndikulemba popanda yankho, lero andiyankha. Akuti ndikhoza kubwera ku Campinas kudzamutenga mwana tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka sikisi koloko madzulo, ndimubweze monga ndamutengera. Tsikulo likayenda bwino, Tamires adzabwera kuno tchuthi chonse cha Disembala. Likapanda kuyenda bwino, akuti ndisadzawalemberenso.

Achemwali, chiwerengereni kalatayi pali chimene ndikuchiopa. Mwanayu anachoka ali ndi zaka zisanu, pano ali ndi zisanu ndi ziwiri. Ine mumandidziwa, pakamwa panga m'polemera. Rosineide pochoka ananena kuti kukhala ndi ine n'chimodzimodzi kukhala ndi njerwa zimene ndimaumbazi. Ndiye ndikamutenga mwana n'kukakhala naye pabenchi, maola khumi ndimuuza chiyani? N'chifukwa chake ndaganiza za paki yanuyo. Kumeneko azikwera ichi, kutsika, kukwera icho, mpaka dzuwa lipendeke. Makinawo alankhule m'malo mwanga.

Ndiuzeni izi, musaikemo nthabwala. Amatsegula nthawi yanji? Chimene ana amachikonda kwambiri n'chiti? Anthu amachuluka? Tsiku labwino ndi liti? Sindikufuna kulakwitsa ngakhale pamodzi.

Mlongo wanu,
Josenildo


Campinas, 4 Sepitembala 1994

Nildo mlongo wanga,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga ndikumwa khofi, pang'ono nditsamwe. Iwe kulemba tsamba lathunthu? Zikuoneka kuti njerwa zayamba kulankhula. Amayi uwauze asamaime nthawi yaitali, ndipo ndatumiza mafuta opaka kudzera kwa dalaivala wa basi ya Lachisanu.

Tsopano tchera khutu. Paki ya Girassol imatsegula teni koloko, imatseka seveni. Lolemba ndi Lachiwiri ndi kotseka. Ana onse amathamangira Sucuri, chinjoka chachitsulo chija chimakwera m'mwamba n'kutembenuza anthu chadodolido kawiri. Ndinapita kwa mlamu Rosineide Lamulungu. Tamires anachiona pa wailesi yakanema ndipo sakamba china. Ukangomukweza chimenecho, wapambana mlandu.

Vuto ndi mzere. Ine ndimasesa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndiye ndimaudziwa kuposa abwana. Loweruka ndi Lamulungu, mzere wa Sucuri ndi maola awiri, nthawi zina awiri ndi theka. Kukwerako ndi mphindi ziwiri. Gudumu lalikulu, mphindi makumi anayi. Timahatchi tozungulira, makumi awiri. Januwale ndi Julayi, ana akatsekera, usayerekeze n'komwe. Lachisanu kumabwera mabasi a sukulu, ana mazana ovala malaya ofanana, onse akufuna chimbudzi nthawi imodzi.

Tsiku ndi Lachitatu. Lachitatu ndimasesa mzere wa Sucuri kuyambira kumutu mpaka kumchira tsache osagunda phazi la munthu. Ukhoza kukwera, kutsika, kukweranso mpaka usanze. Ufike asanatsegule, ukalowa usaime pa mbuliwuli, lunjika kumapeto kwenikweni.

Zina ziwiri. Pa Sucuri pali ndodo yoyezera, mwana asachepere mita imodzi ndi masentimita makumi awiri. Ndinamufunsa mlamu, akuti anamuyeza pachitseko, akukwana ndendende. Chachiwiri, mlamu wanenetsa kuti mwana sajomba kusukulu chifukwa cha iwe. Ndiye Lachitatu lakelo ulipeza bwanji, ine sindikudziwa. Mutu uli nawo, ugwiritse ntchito.

Ndine,
Valdete


Lagoa do Umbu, 19 Sepitembala 1994

Achemwali,

Moni. Mafuta afika, amayi akuthokoza.

Ndawerenga za mzere zija, sindikumvetsa. Maola awiri? Anthu ake akudwala? Kumapeto kwa mzerewo kuli dokotala, kapena akugawa madzi? Ine maola awiri ndimaumba njerwa mazana atatu. Ndinawawerengera anzanga ku uvuni, wina anati mwalakwitsa polemba, munafuna kunena mphindi. Munthu wamkulu, wa banja, kuima maola awiri kuti amuzondotse mphindi ziwiri, n'kulipiranso! Ndikanamva kwa munthu wina ndikanati n'bodza.

Koma tsiku ndalipeza. Ndinakaima pa kalendala ya kusitolo ya mankhwala ndi pensulo. Taonani pa 12 Okutobala. Ndi Lachitatu. Sukulu kulibe chifukwa ndi tsiku la Amayi athu a Aparecida. Ndipo chachikulu ndi ichi: tsiku limeneli aliyense amakhala kutchalitchi. Mukukumbukira kuno, m'misewu mumatsala agalu okha, anthu onse ali pambuyo pa chifanizo ndi makandulo mpaka madzulo. Munthu wobatizidwa sangapite kukakwera chinjoka tsiku la Amayi athu. Ine ndekha ndi amene ndichimwe, ndipo ndawauza kale abambo mfumu, akuti Amayi Maria nawonso anali ndi mwana, amvetsa. Paki yonse idzakhala ya ine ndi Tamires.

Ndinaimba foni ku positi kudzera kwa aneba a Rosineide. Nditatchula tsikulo Rosineide anati, "Pa 12? Mwatsimikiza?" Ndinati ndatsimikiza. Anati, "Chabwino, mwasankha nokha." Tikiti ya basi ndagula. Ndinyamuka Lolemba pa 10, ndifika Lachitatu m'mawa, ndilunjika kukatenga mwana. Tidzaonana ku paki komweko.

Ngakhale patakhala kamzere pang'ono musade nkhawa. Za mizere ndimazidziwa, ndakulira pa chipatala cha kuno.

Ndayamba kukhoma kabedi ka Tamires. Matabwa ndapeza a mkungudza.

Josenildo


Campinas, 2 Okutobala 1994

NILDO,

Moni ndikupatsa pambuyo. Wapenga? Pa 12 Okutobala ndi tsiku la ana! Kwathu tsiku la ana ndi maswiti awiri kwa aphunzitsi basi, koma kuno ndi tsiku loopsa kuposa onse pachaka. Ife ogwira ntchito timalowa sikisi koloko ndipo palibe amene amaloledwa kudwala. Anthu a kuno amapita ku Misa ya seveni, pofika naini ali pageti, aliyense ndi ana asanu, ake ndi a aneba. Chaka chatha mzere wa Sucuri unafika maola atatu ndi theka, azimayi awiri anakomoka. Kalendala yako ya kusitolo ya mankhwala sinakuuze zimenezo?

Mlamu ndamupempha asinthe tsiku, wakana. Akuti munthu amene akufuna mwana mwezi wathunthu aonetse kuti angathe tsiku limodzi limene wasankha yekha.

Ndiye tamva. Sucuri uiwale. Mukweze timahatchi, mukweze gudumu, mugulire mbuliwuli, mubwerere nthawi ikadalipo. Ndipo mawu ako aja akuti za mizere umazidziwa andiopsa. Za kwathu zoika silipasi pamzere usadzayerekeze kuno. Mzere wa kuchipatala umaima mpaka atsegule chitseko. Wa kuno umayenda. Ukasiya chinthu pansi, ife osesa timatola.

Tsikulo andiika ku zimbudzi za kuseri kwa dziwe, sindidzatha kuchokako. Mulungu athandize kuti kalatayi ikupeze usananyamuke. Moni kwa amayi.

Valdete


Lagoa do Umbu, 16 Okutobala 1994

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 2 ndaipeza ku golosale ya a Tonho dzulo nditangotsika basi. Akuti inafika pa 11, ine ndili kale m'njira. Ndaiwerenga katatu ndili chiimire. Zonse munalembazo zinachitika, ndi zina zimene simunaziganize. Ndikuuzani inu chifukwa amayi ndangowauza kuti tinayenda bwino.

Mwana ndinamutenga eyiti koloko. Watalika, achemwali. Anavala diresi yachikasu ndi nsapato zoyera zatsopano, zachidendene chokhuthala. Rosineide anaima pakhomo, anati, "Sikisi koloko, bambo a Tamires. Monga mwamutengera." Mwanayo sanandigwire dzanja. Ankangonditchula kuti "inu".

M'basi munadzaza ana. Ine ndinkati akupita ku Misa. Titatsika ndinaona geti. Anthu onse a ku Lagoa do Umbu, amoyo ndi akumanda, sangadzaze ngakhale pogulira matikiti paja. Tinalowa itadutsa leveni. Ndinachita monga munanenera, osaima pa mbuliwuli, kulunjika kumapeto. Kumeneko kunali chikwangwani: kuchokera pano, maola atatu.

Kutsogolo kwathu kunali bambo wina wonenepa wa kapu yofiira. Ndinamufunsa, "Akulu, kodi lero anthu simunapite kutchalitchi?"

Anati, "Tapita, m'bale wanga. Mwawaona a dazi awo kutsogoloko? Ndi abambo mfumu athu, abwera ndi ana a kwaya."

Ndinafuna kuchokapo, koma Tamires maso anali m'mwamba, pa chinjokacho. Tinaima mphindi makumi anayi osalankhulana. Dzuwa linali pamutu. Kenako anati nsapato zikumuluma, anavula n'kuzigwira m'manja. Pamenepo ndi pamene nzeru zanga zinabwera. Ndinamanga zingwe zake pamodzi, ndinaziika pansi bwinobwino moyang'ana kutsogolo, n'kuikapo kamwala. Ndinamuuza wa kapu yofiira uja, "Akulu, nsapato izi ndi ife."

Anaziyang'ana, anandiyang'ana, anati, "Mwachokera kuti, mkulu?"

Ndinati, "Kumudzi, ku Bahia."

Anati, "Zikuoneka." Anaseka. Ine ndinayesa wavomera.

Ndinamunyamula mwana kupita naye pamthunzi, ndinamugulira madzi a nzimbe. Ndinkawayang'ana anthu aja akupsa ndi dzuwa, mumtima ndikuti anthu a m'tauni sukulu anapita koma nzeru alibe. Tinakhala ola limodzi. Pobwerera, wa kapu yofiira kulibe, nsapato kulibe, kamwala kokha. Pamalopo panali anthu ena amene sanationepo. Ndinafunsa mayi wina wovala malaya a paki. Anati, "Kwanuko nsapato zimayenda zokha pamzere?" Akuti zotayika zonse amakazitula ku kanyumba ka kugeti ndipo amatsegula faifi koloko.

Tamires anayamba kulira. Osati nsapato. Anati, "Ndiye Sucuri sitikwera?"

Inali wani koloko. Ndinawerengera: maola atatu, folo koloko takwera, faifi tatenga nsapato, sikisi tili pakhomo. Zinkatheka. Tinabwerera kumchira kwa mzere.

Simenti inatentha ngati pakamwa pa uvuni wanga. Mwana sakanaponda. Ndinati ndimunyamule, anakana, akuti si khanda. Ndiye ndinamuimika pa jombo zanga, phazi lake pa phazi langa, wayang'ana kutsogolo, wagwira zala zanga zazikulu. Mzere ukasuntha, timasuntha tonse ngati chidole. Maola atatu ndi mphindi makumi awiri, achemwali. Zala za kumapazi mpaka lero sindikuzimva.

Ndipo chimene ndinkachiopa chija chinandipeza pomwepo. Makina ali kutali, ine ndi mwana basi, kutsogolo munthu, kumbuyo munthu, kothawira kulibe. Tamires anagwira chala changa chopindika chija, anati, "Inu, chala ichi chinatani?" Ndinati inandiluma mbuzi. Anati mbuzi yanji. Ndinati Baronesa, ija inadya chikalata chake cha kubadwa ine ndikulimbana nayo kuti ndichilande. Anati inadyeranji. Anati ndiye iyeyo anabadwadi ngati chikalata chinadyedwa. Anati tsiku limene anabadwa kunali bwanji. Ndikayankha limodzi, amabweretsa atatu. Ndinamuuza za mvula ija inagwa tsikulo itakhala miyezi khumi osagwa, za ngolo ya a Tonho itatitimira m'matope amayi ake ali momwemo, za ine kukankha. Ndikakhala chete kuti ndipume amandiponda ndi chidendene, "Kenako?" Mpaka mayi wina kumbuyo kwathu anati, "Bambo, musatisiye m'malere, mbuziyo inatha bwanji?" Manyazi ake! Anthu osawadziwa kumva za m'nyumba mwanga. Pakamwa panauma gwa. Chibadwire sindinalankhulepo chonchi, ndipo zonse zinali zopanda pake, za mbuzi ndi matope.

Tinafika kutsogolo itadutsa folo. Mtsikana wa pachipata anamuimika Tamires pa ndodo ija. Anaperewera zala ziwiri.

Ndinati, "Chemwali, yezaninso. Amayi ake anamuyeza, akukwana."

Tamires anati, "Ababa, anandiyeza nditavala nsapato."

Achemwali, ndinamva ngati uvuni wandigwera. Ndinavula jombo kuti ndimuveke. Mtsikanayo anati, "Bambo, jombo imeneyo ikavuka pamwamba paja ipha munthu." Anthu a kumbuyo anayamba kukuwa, "Mulekeni mwana akwere! Waima maola atatu!" Mayi wa mbuzi uja mpaka anatukwana. Mtsikanayo misozi inalengeza, koma anati lamulo ndi lamulo, akamulola ntchito yatha. Sindimuda. Anatitulutsira kakhomo ka pambali.

Tamires sanalire. Bola akanalira.

Ku kanyumba ka zotayika kunalinso mzere, wokhota kawiri. Ndinayang'ana wotchi, ndinasankha kusunga nthawi, nsapato ndinazisiya. Koma mabasi anali odzaza, atatu anatidutsa. Tinafika pakhomo seveni itadutsa ndi mphindi makumi awiri, mwana ali kumsana, wagona. Rosineide anali panja, manja m'chiuno. Anayang'ana mapazi a mwana.

"Nsapato?"

"Zinatsala pamzere."

"Wakwera chiyani?"

"Palibe."

Anamutenga mwana, analowa, anatseka chitseko. Sanatukwane n'komwe.

Tsiku lathunthu, achemwali, ngakhale kahatchi kamodzi. Ndachedwa, ndataya nsapato, chinjoka sanakwere. Zitatu zonse. Kabedi kaja ndakasiya, katsala miyendo iwiri. Ngati a Tonho afuna matabwawo ndiwapatsa.

Josenildo


Campinas, 28 Okutobala 1994

Nildo,

Moni mlongo wanga. Kalata yako ndinaiwerenga m'chipinda chathu chosinthira zovala. Poyamba ndinaseka mpaka kukhala pansi, kenako ndinalira. Iwe ndi nzeru zako za pa kalendala!

Nsapato ndazipeza. Tsiku lija tinatola nsapato makumi anayi ndi zitatu, zonse za phazi limodzi. Zako zokha ndi zimene zinali ziwiri, zomangidwa bwinobwino. Anatola ndi mnzanga Cida, wa ku Piauí, chigawo choyandikana ndi kwathu. Akuti atangoziona zitayang'ana kutsogolo ndi kamwala pamwamba anadziwa kuti ndi munthu wa kwathu. Akuti anazisuntha ndi tsache kawiri kutsatira mzere, kudikira mwini wake, mpaka kapitawo anamukalipira. Akupereka moni, akuti ukanafulumira mphindi khumi ukanazipeza.

Ndinazipukuta n'kupita nazo kwa mlamu Lolemba. Tamires anali kusukulu. Mlamu anazilandira pakhomo, sanandilowetse. Ndinayamba kukupepesera, anandidula. Anati, "Alamu, musavutike. Ndiwalembera ndekha." Nkhope yake sindinaiwerenge. Sindikufuna kukunamiza kuti zili bwino, chifukwa sindikudziwa.

Matabwa usagulitse kaye. A Tonho adikire.

Valdete


Lagoa do Umbu, 9 Novembala 1994

Achemwali,

Moni. Zikomo chifukwa cha nsapato, ndipo a Cida muwathokoze.

Kalata palibe. Ndimapita ku golosale tsiku lililonse basi ikadutsa, mpaka a Tonho akandionera patali amangopukusa mutu kuti ndisavutike kuwoloka msewu. Ndikudziwa tanthauzo lake. Anati likapanda kuyenda bwino ndisadzalembenso, ndiye sindilemba. Dzulo ndinaotcha njerwa zikwi ziwiri mopitirira, zonse zang'aluka. Abwana akuti ndikagone.

Amayi akufunsa kuti mwana afika liti, akufuna kusunga nkhuku. Ndiwauze chiyani?

Josenildo


Campinas, 13 Novembala 1994

Bambo a Tamires,

Ndikhulupirira muli bwino, pamodzi ndi apongozi. Ndachedwa kulemba chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija, pepala likanapsa.

Pa foni paja ndinadziwa kuti mwasankha tsiku loipa. Sindinakuuzeni dala. Ndinati muone nokha. Koma sindinaganize kuti munthu angasiye nsapato za mwana wanga pansi kuti zimuimirire pamzere ngati tili pa chipatala cha ku Lagoa. Ndinadikira panja ola ndi mphindi makumi awiri ndikuganiza kuti mwathawa naye ku Bahia. Zimenezo sindinakukhululukirenibe.

Koma pali chimene chandisowetsa tulo. Nditamugoneka ndinatenga madzi kuti ndimutsuke mapazi. Ndinkayembekeza matuza ndi zilonda, kuti ndiwaonetse achemwali anu. Mapaziwo anali oyera. Mwana wakhala tsiku lonse wopanda nsapato pakati pa anthu zikwizikwi, kuphazi kulibe ngakhale fumbi. M'mawa ndinamufunsa. Anati, "Ndinaima pa ababa."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muno mwalowa mbuzi. Baronesa pa chakudya cha m'mawa, Baronesa posamba. Aphunzitsi andiitana kufunsa ngati n'zoona kuti chikalata cha mwanayu chinadyedwa. Za Sucuri sakutchula n'komwe. Ndinamufunsa ngati sanakhumudwe kuti sanakwere, anati anakhumudwa chifukwa mzere unatha ababa asanamalize, akuti munafika poti Baronesa yalowa m'tchalitchi.

Wandiuzanso za ngolo ya a Tonho. Akuti mutamva kulira kwake koyamba munakabisala kuseri kwa chipatala kuti anthu asaone misozi. Ine tsiku limenelo ndinkayesa mwapita kukamwa. Ndakhala nanu zaka zisanu ndi chimodzi, bambo a Tamires. Zinafunika maola atatu padzuwa ndi mwana pamapazi kuti mutsegule pakamwa?

Sukulu atseka pa 16 Disembala. Mubwere mudzamutenge. Abwerere pa 15 Januwale, ndi nsapato zake zonse, ndaziwerenga. Iyeyo akuti musananyamuke mupitenso ku Girassol, ndipo ali ndi mawu ake, alemba yekha pansipa. Ine zimenezo sindilowererapo.

Rosineide

Ababa tikapite tsiku la anthu ambiri. Lachitatu ayi. Ndizavala nsapato koma ndiziimabe pa jombo. Tamires


Lagoa do Umbu, 24 Novembala 1994

Achemwali,

Moni. Amayi ali bwino, nkhuku asunga ziwiri.

Rosineide walemba. Mwana akubwera. Ndaiwerenga kalatayo kasanu, ndinawapatsanso a Tonho kuti awerenge mwina ine ndikuona zolakwika. Akuti ndi zomwezo. Sindikumvetsa. Ndinachedwa, ndinataya nsapato, sanakwere kanthu, ndipo akuti tsiku linayenda. Kabedi ndamaliza dzulo, miyendo yonse inayi.

Tsopano ndithandizeninso, ndipo musaseke. Ndifika pa 16 Disembala, Lachisanu. Pakati pa Loweruka pa 17 ndi Lamulungu pa 18, mzere wa Sucuri umatalika kwambiri liti? Ndipo nthawi yanji, m'mawa kapena masana? Ndikufuna pamene umafika maola atatu, osachepera. Ngati kuli mzere wina wautali kuposa umenewo mundiuze. Musandifunse chifukwa chake, mwana walamula.

Vuto langa ndi ili. Nkhani ya Baronesa yatsala ya mphindi khumi zokha, inangolowa m'tchalitchi n'kudya maluwa a paguwa basi. Ndawerengera, zikutsala maola awiri ndi mphindi makumi asanu. Ndayamba kulemba pa katoni zimene ndikukumbukira, ndafika zisanu ndi chimodzi, sizikwana. Inu ndinu wamkulu, munaona zambiri ine ndisanazindikire. Ndikumbutseni za atate, za chaka chija chitsime chinauma, za ine ndili mwana, ngakhale zochititsa manyazi. Lembani zambiri, ndipo mutumize msanga. Ulendo uno ndikufuna kalata yanu indipeze ndisanakwere basi.

Mlongo wanu,
Josenildo